Ndimasaka agogo a eni ku Joni, amayi anga ali kwa Chitukula

Anthu akumudzi akandifunsa ntchito imene ndimagwira ku Joni kuno, ndimangoti ndili ku ofesi ya inshuwalansi. Si bodza, kungoti sindinena zonse. Ntchito yanga yeniyeni ndi kusaka okalamba. Ndimakhala pampando kuyambira m'mawa, zomvera zili kumakutu, kompyuta ikuimba yokha manambala a anthu amene sindinawaonepo. Mwa anthu onsewo ndimafuna mtundu umodzi: agogo amene ali pa medical aid, amene penshoni yawo imalowera kubanki, ndiponso amene amachita mantha ndi bilu ya dokotala. Ndikawapeza ndimawalumikiza kwa mnzanga amene ali ndi chiphaso chogulitsira inshuwalansi. Munthu wotereyu pantchito pano timamutcha lidi, ndipo malipiro anga amakwera kapena kutsika potengera malidi amene ndapereka pamwezi.

Call centre yathu ili ku Randburg, pansanja yachitatu ya nyumba imene mazenera ake satseguka. Ndimagona ku Windsor East, m'chipinda chimene ndimalipira pamodzi ndi mtsikana wina wa ku Mzimba. Koma kwathu ndi kwa Chitukula, kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe, kumene ndege zikamakatera ku Lumbadzi zimadutsa pamwamba pa minda yathu mpaka kuoneka matayala. Tili ana tinkasiya kupalira n'kumazibayibitsa. Pa ndege, kuchoka ku Johannesburg kufika pabwalo la Kamuzu ndi maola awiri ndi mphindi zochepa, ndipo ukatuluka pabwalopo kabaza akhoza kukakutula pakhomo pa amayi nsima isanapse. Ine ndege imeneyo sindinaikwerepo. Yathu ndi basi yodzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Dedza, masiku awiri miyendo itatupa.

Ndifotokoze kaye chimene timagulitsa, chifukwa ngakhale achimwene anga zinawatengera nthawi kuti amvetse. Kuno zipatala zili pawiri. Za boma n'kumene kumapita unyinji wa anthu. Zapulaiveti kumapita amene ali pa medical aid, anthu pafupifupi 9 miliyoni m'dziko la anthu oposa 60 miliyoni. Mabungwe ake, monga Discovery, Bonitas, Momentum, ndi GEMS ya ogwira ntchito m'boma, amayendera lamulo la 1998 lotchedwa Medical Schemes Act. Bungwe lililonse lili ndi mtengo wake umene limalipira pa opaleshoni iliyonse. Koma dokotala wamkulu, kapena uja wogoneka odwala tulo asanawang'ambe, sakakamizidwa kutsatira mtengowo. Akhoza kulemba bilu yowirikiza katatu, kanayi, ngakhale kasanu. Medical aid imalipira gawo lake n'kusamba m'manja, chotsalacho chimagwera wodwala. Inshuwalansi yathu, imene kuno amaitcha gap cover, ndi yolipira chotsalacho. Siigwira payokha. Wopanda medical aid sangaigule ngakhale atakhala ndi ndalama zodzaza thumba.

Kuyambira pa 1 Epulo 2017 boma linaika malire: inshuwalansi yotere singalipire zoposa R150,000 pa munthu mmodzi pachaka, ndipo malirewo amakwera chaka ndi chaka, moti tsopano apitirira R200,000. Wolowa kumene amayamba wadikira, kawirikawiri miyezi itatu, ndipo pa matenda amene anali nawo kale amatha kudikira miyezi 12. Okalamba amalipira zambiri kuposa achinyamata, chifukwa makampani amadziwa kumene kumapita ndalama: chiuno, bondo, ng'ala, mtima, khansa. N'chifukwa chake agogo ndi amene amaifuna kwambiri inshuwalansiyi, ndiponso ndi amene amavutika kwambiri kuilipira.

Mayina amene ndimaimbira amachokera kosiyanasiyana. Ena analemba okha pa fomu ya malonda a pa Facebook usiku atasowa tulo. Ena anapita pa intaneti kukayerekeza mitengo n'kusiyako nambala. Ena analowa mpikisano wowina galimoto kusitolo yaikulu, osawerenga timalemba ting'onoting'ono ta m'munsi tonena kuti avomera kuimbiridwa. Palinso mindandanda imene makampani amagula kwa amalonda amene ntchito yawo n'kusonkhanitsa mayina. Anzathu ena samakhala pafoni, amapita kumalo kumene okalamba amakhala paokha atapuma pantchito, atanyamula tiyi ndi makeke, n'kukakamba nawo masana, pobwera ali ndi mapepala odzaza manambala. Koma lidi yabwino kuposa zonse ndi imene agogo ena akupatsa okha: "Muimbirenso mnzanga wa kutchalitchi, nayenso dokotala anamudula."

Tsiku loyamba akutiphunzitsa kusiyanitsa malidi, ine ndinakumbuka chigafa cha abambo anga nthawi yosankha fodya. Tinkakhala pamphasa, masamba aatali uku, aafupi uku, ong'ambika uko, akuda paokha, chifukwa ku okushoni ku Kanengo belo lililonse linali ndi mtengo wake, ndipo ukasakaniza belo limabwezedwa. Kunonso n'chimodzimodzi. Pali lidi yozizira, dzina chabe la pamndandanda wakale. Pali yofunda, munthu amene anafunsa yekha sabata yatha. Pali yotentha, amene ali pafoni pompano ndipo wavomera kuyankhula ndi wogulitsa. Yotenthayo ndiye ya mtengo. Ndikapereka munthu amene sakuyenera, imabwezedwa, ndipo kumapeto kwa mwezi ndimazionera papepala la malipiro.

Mafunso ake ndinawaloweza mpaka nthawi zina ndimawalota. Muli pa medical aid iti? Pulani yanji? Munabadwa chaka chanji? Muli nokha kapena ndi amuna anu? Dokotala wakuuzani kuti muchitidwa opaleshoni posachedwa? Penshoni imalowa tsiku lanji? Ine sindiloledwa kulangiza munthu kuti gulani ichi musiye icho. Lamulo la 2002 lotchedwa FAIS limati wolangiza za chuma akhale wovomerezeka, ndipo ogulitsa athu analemba mayeso otchedwa RE5. Mawu onse amajambulidwa, ndipo pali anthu amene ntchito yawo n'kumvetsera ngati sitinaname kapena kuopseza munthu. Lamulo lina, la POPIA, linayamba kuluma pa 1 Julayi 2021. Limateteza mayina ndi manambala a anthu, limafuna kuti munthu avomereze asanayambe kutumiziridwa malonda, ndipo chindapusa chake chikhoza kufika R10 miliyoni. Choncho munthu akati "musandiimbirenso", ndimadina batani, dzina lake n'kuchoka.

Ambiri amadula ndisanamalize kutchula dzina langa. Ena amatukwana, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa kunja kuno akuba oimba mafoni ndi ambiri ndipo amakonda okalamba omwewa. Koma amene amandivuta mumtima si otukwana. Ndi aja osafuna kudula.

Tsiku lina ndinaimbira mayi wachizungu wa ku Benoni, wa zaka za m'ma 80. Kuno azimayi achikulire achibunu timawatcha tannie, amuna timati oom, ndipo achikuda timati gogo kapena mkhulu. Mafunso anga onse anayankha bwino, lidi yotentha ndithu. Anachitidwa opaleshoni ya chiuno, bilu yotsala inawatengera ndalama zimene anasunga zaka zambiri, ndipo dokotala anali atanena kale kuti bondo nalo likubwera. Nditati ndiwalumikize kwa wogulitsa, anandifunsa kumene ndimachokera. Nditati ku Malawi, anayamba kundiuza za bambo wina wa ku Nkhata Bay amene ankawalimira maluwa kalekale. Kenaka anatchula ana awo: wina ku Perth, wina ku Auckland, wotsiriza ku London. Onse amatumiza ndalama, onse amaimba Lamlungu. Pa kompyuta yanga wotchi inali itafiira, kusonyeza kuti ndapitirira mphindi zimene amatipatsa, kapitawo wathu akundiyang'ana. Tannie aja anati, "Usadule msanga, mwana wanga. Chiyambire m'mawa ndiwe woyamba kuyankhula nane." Ndinawafunsa kuti ali m'chipatala ankawadikirira ndani. Anaseka. Anati manesi analipo, chakudya chinkabwera pa nthawi yake, chipinda chinali ndi wailesi yakanema. Funso langa sanalimvetse n'komwe.

Wina anali mkhulu wa ku Soweto, mphunzitsi wopuma. Iwowa anali ndi anthu odzaza nyumba, ndimamva adzukulu akusokosera kumbuyo. Anawerengetsa mokweza ndili pafoni: magetsi, yunifolomu, ufa, ndalama ya sosayiti ya maliro. Atamaliza anati, "Mwana wanga, chinthu chanucho n'chabwino, koma ndikachilipira ana awa adya chiyani?" Ndinalemba kuti sangakwanitse, kompyuta n'kundiponyera dzina lina. Madzulo a tsiku limenelo ndinaimbira amayi.

Amayi anga apitirira zaka 65. Ali ndi BP, ali ndi shuga, ndipo nyamakazi inawagwira maondo moti kudimba amapita ndi ndodo. Mwa mafunso anga aja, palibe ndi limodzi lomwe limene angayankhe mokondweretsa kampani. Medical aid alibe, penshoni alibe, akaunti alibe. Chimene ali nacho ndi kabuku ka kuchipatala, kamene amakakulunga m'pepala la shuga n'kukasomeka kudenga pafupi ndi khadi la ubatizo. Sali okha. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pa Amalawi 100 alionse, mmodzi kapena awiri okha ndi amene ali ndi inshuwalansi ya zaumoyo. Mabungwe a medical aid monga MASM kwathu alipo, koma ambiri amene ali mmenemo ndi apantchito za m'tauni, ndipo munthu akapuma pantchito nthawi zambiri khadi nalo limapuma. Kwathu dzina la wokalamba limafunidwa kawiri: polemba kaundula wa feteleza wotsika mtengo, ndi chisankho chikayandikira.

Sikuti zipatala kulibe. Munthu wa kwa Chitukula ali ndi mwayi kuposa ambiri. Pa Lumbadzi pali chipatala chaching'ono, Daeyang Luke inatsegulidwa mu 2008 kufupi ndi Kanengo, Kamuzu Central ilipo chiyambire 1977, ndipo achibale athu a ku Nsaru ndi Kabudula amathamangira ku Nambuma kapena ku St Gabriel's ku Namitete, kumene masisitere a ku Luxembourg anayambitsa chipatala mu 1959. Ng'ala ya amayi anakaichotsa ku Nkhoma, ndipo anabwerako akuona mpaka kutunga singano. Kuzipatala za boma chithandizo n'chaulere, za mishoni zimalipiritsa. Koma aliyense kwathu amadziwa kuti chaulerecho chili ndi mtengo wake. Pali ndalama ya kabaza wa njinga yamoto kupita ndi kubwera. Pali masiku amene mankhwala atha ndipo akulembera kuti ukagule kufamase. Pali chakudya cha wodwala ndi cha womudikirira. Pali munda umene watsala osapalira. Chotsala chija chimene ife timagulitsira agogo a kuno inshuwalansi, kwathunso chilipo, kungoti palibe kampani yochilipira.

Timalipira ndife. Pali gulu lathu la pa WhatsApp, ana a mimba imodzi ndi amalume amene ndi mwini mbumba. Masiku ambiri mumangoyenda mavesi ndi zithunzi za ana. Koma uthenga ukangoyamba ndi mawu akuti "amayi sanadzuke bwino", aliyense amadziwa chochita. Ine ndimathamangira kwa Mukuru, achimwene amene amasenza mabelo ku Kanengo amatumiza pa Airtel Money, achemwali amagwira mbuzi n'kupita nayo kumsika, n'kuigulitsa mtengo umene wogula wanena chifukwa wawaona m'maso kuti afulumira. Zikavuta kwambiri anthu amagulitsa chimanga cha m'nkhokwe mu Novembala n'kudzagula chomwecho mu Febuluwale pamtengo wowirikiza, ena amagwa m'manja mwa akatapila. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anthu ankati ife a ku Joni tasangalala chifukwa randi yanenepa. Inanenepadi sabata zochepa, kenaka mankhwala a shuga kufamase nawo ananenepa.

Chaka china nthawi ya dzinja amayi anagonekedwa. Ndinatumiza zonse zimene ndinali nazo, n'kukongolanso kwa mnzanga wa ku Mzimba uja. Gadiyani anali achemwali. Anatenga mphasa, ndowa, mapoto awiri, ufa, nkhuni, n'kukakhala kuchipatala. Usiku ankayala chitenje pansi pambali pa bedi. M'bandakucha ankakoleza moto kukhitchini ya magadiyani, pakati pa mafuwa a azimayi ena ochokera midzi yosiyanasiyana, n'kuphika phala lothira nsinjiro. Ankawasambitsa amayi, kuwatembenuza, kuwachapira, kuthamangira nesi dripu ikatha. Azakhali anabwera ndi nkhuku. Amayi a Chigwirizano anabwera atavala zoyera zawo, anaimba, anapemphera, anasiya sopo ndi shuga. Amfumu anatuma munthu kudzazonda. Ine zonsezi ndinkazionera pafoni nthawi ya nkhomaliro, nditabisala pamasitepe a ofesi, chithunzi chikumaima chifukwa cha netiweki. Amayi atapezako mphamvu anatenga foni n'kunena kuti, "Ndalama yako yafika, mwana wanga, zikomo. Nanga iwe ufika liti?"

Mwana wamkazi wa Chichewa amadziwa kulemera kwa funso limenelo. Pakhomo pa amayi ndi pathu, ife ana aakazi ndife eni mudzi, ndipo kudwazika kholo ndi udindo umene sufunika kuuzidwa. Ndinabwerera pampando, zomvera kumakutu, n'kufunsa agogo a eni ake ngati dokotala wawauza za opaleshoni.

Ndinaganizapo zowatenga amayi kudzakhala nawo kuno. Poti malamulo ndimawadziwa, ndinawerengetsa. Medical aid siiloledwa kukana munthu chifukwa cha ukalamba, koma ikhoza kumulipiritsa chilango cholowa mochedwa ngati wapitirira zaka 35. Chilangocho chimayambira pa 5 peresenti, kenaka 25, kenaka 50, ndipo amene wakhala zaka 25 kapena kuposerapo osalowa amawonjezera 75 peresenti mwezi uliwonse. Amayi akanagwera pa 75, kuwonjezapo gap cover ya mtengo wa okalamba. Malipiro anga onse akanathera pomwepo. Komabe ndinawafunsa. Anandiyankha kuti, "Ndikakhale m'nyumba yokiya tsiku lonse ngati nkhuku yoikira? Nanga maliro a anzanga ndikapanda kupitako, anga adzabwera ndani?" Pamenepo ndinazindikira kuti amayi nawo amalipira mwezi ndi mwezi, kungoti salipira ndi ndalama. Kambale ka ufa pa maliro, kugona pa siwa, kukazonda wodwala, kutungira madzi mnzawo amene wathyoka mwendo, zonsezo akusunga, ndipo tsiku lawo likadzafika anthu adzabweza.

Sindikufuna kukometsa kwathu mopitirira. Mudzi womwewo umene umadwazika okalamba umathanso kuwatembenukira. Mwana akamwalira mwadzidzidzi kapena mvula ikavuta, chala chimaloza agogo amene akukhala okha, maso ofiira ndi utsi, n'kuwatcha mfiti. Ena awotcheredwa nyumba, ena aphedwa ndi adzukulu awo omwe, ndipo bungwe loyankhulira okalamba la MANEPO lakhala likulira za zimenezi chaka ndi chaka. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba mu 2024, koma lamulo papepala siligula mankhwala. Kuno munthu wosauka akafika zaka 60 boma limamupatsa ndalama yoposa R2,000 mwezi uliwonse. Kwathu kuli Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, koma imafikira mabanja ovutikitsitsa okha, pafupifupi khumi pa 100 alionse. Amayi anga sanalembedwe, poti amati ali ndi mwana ku Joni.

Mawu akuti mwana ku Joni si achilendo kwathu. Agogo anga aamuna anabwera kuno ndi Wenela, kudzakumba golide. Anabwerera ndi njinga, bokosi lachitsulo, mabulangeti ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumanda. Ankasimba za ndege imene inagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu a kumigodi. Patapita zaka zambiri makampani a golide anavomera kupereka R5 biliyoni kwa odwala chifuwa cha fumbi la m'migodi ndi TB, n'kukhazikitsa Tshiamiso Trust kuti igawe ndalamazo. Agogo anali atapita kale. Basi yanga ikamadutsa pafupi ndi milu ya dothi loyera la m'migodi yakale, ndimaganiza kuti iwo anasiya mapapo kuno kuti ana awo adye, ine ndikusiya zaka zanga kuti mwana wawo amwe mankhwala.

Chimene chimandipweteka n'chakuti zaka zimenezi ndi zomwezo zimene amayi atsala nazo. Mu Okutobala mitengo ya jakaranda ikachita maluwa m'misewu ya Johannesburg, ndimadziwa kuti ku Lilongwe nako yachita, ndipo kumudzi akusosa, utsi uli tolotolo m'minda. Mvula yoyamba ikagwa kuno imagwera pa phula, sinunkhira dothi, ndipo palibe mwana amene amathamangira kuchulu ndi beseni kukatola ngumbi. Mu Juni kuno kumazizira kolowa m'mafupa, ndimayatsa hita n'kumawerengera magetsi, pamene kwathu anthu azungulira moto, mbatata ili m'phulusa, ng'oma za gule zikumveka kutsidya kwa dambo. Ufa wa m'sitolo ndimaphika ndithu, koma nsima yake sifanana ndi ya ufa woyera umene amayi amakonola, kuviika ndi kuyanika pamphasa. Usipa ndi mfutso zimabwera ndi basi, timagulana tokhatokha Amalawi, ndipo tsiku limene ndatendera mfutso chipinda chonse chimanunkhira kwathu mpaka mnzanga uja amasiya foni n'kudzakhala pafupi. Ndimalakalaka zinthu zazing'ono: kukhala pakhonde ndi amayi tikusenda nthanga za maungu, iwo akundiuza amene wakwatiwa, amene wathawa banja, amene walanda malire a munda wa mnzake. Pafoni zimenezi sanena, amaopa kundithera mayunitsi.

Ndipo kuno sitikhala ndi mtima wokhazikika. Amene analipo mu 2008, mu 2015 ndi mu 2019, alendo akuthamangitsidwa, amatiuza kuti chikwama chizikhala chomangamanga. Pafoni ndimayankhula Chingerezi chosalala, dzina ndimatchula lachikhristu lokha. M'takisi ndimakhala chete kuti lilime lisandiulule. Akuluakulu anati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, ndipo ndimawavomereza tsiku lililonse.

Komabe ntchito imeneyi yandiphunzitsa chinthu chimodzi chimene sindikufuna kuchitaya. Ogulitsa athu akamakamba ndi agogo aja, mfundo yawo imakhala imodzi: ndalama ya matenda imasonkhedwa munthu ali bwino, pang'onopang'ono, anthu ambiri pamodzi. Ife kwathu timasonkha wodwala ali kale pa kabaza, n'chifukwa chake mbuzi imapita theka la mtengo. Nzeruyi si yachilendo kwenikweni. Amayi a banki mkhonde ali kale ndi kathumba ka zadzidzidzi kamene amaponyamo pamsonkhano uliwonse, ndipo pa maliro mudzi wonse umadziwa kusonkha. Chimene sitinazolowere n'kusonkhera amoyo asanadwale. Mayinanso sitifunika kugula kwa wina aliyense. Amfumu, alangizi a zaumoyo ndi akulu ampingo amadziwa khomo lililonse limene kuli agogo, matenda awo ndi amene amawaphikira.

Choncho ndinalemba pagulu lathu lija kuti tiyambe thumba la amayi. Aliyense aziponya mwezi ukatha, wa ku Joni zake, wa ku Kanengo zake, achemwali akagulitsa tomato wa kudimba. Ndalamayo isakhudzidwe pa ukwati, pa fizi kapena pa feteleza, koma pa mankhwala, kabaza ndi chakudya cha gadiyani basi. Tinakangana sabata yathunthu, makamaka pa nkhani ya feteleza. Pamapeto amalume anagamula, n'kuwonjezera dzina limene ine sindinaliganizire: azakhali aakulu, amene sanabereke ndipo alibe mwana woti n'kuwatumizira kanthu. Ku ofesi kwathu munthu ngati ameneyo kompyuta ikanamutaya pa funso loyamba. Amalume anati alowe, ndipo alowe osadikira miyezi itatu.

Atamaliza anandiimbira paokha. Anati, "Mphwanga, nzeru yako ndi yabwino, thumba tayamba. Koma udziwe kuti ndalama siphika phala. Mkulu wako watopa, nayenso ali ndi banja." Sindinawatsutse. Ndapempha tchuthi cha Disembala, ndipo tikiti ya basi ndagula kale isanakwere mtengo. Masabata amene ndikakhale kumudziwo achemwali akapume, kuphika ndi kuchapa kukakhala kwanga, ndipo tsiku lokayezetsa BP ndi shuga amayi ndikawaperekeza ndine. Mu Januwale ndidzabwerera ku Randburg, chifukwa thumba lija likufuna randi, ndipo amalume anena kale kuti wochedwa kuponya adzalipira nkhuku.